Lipoti la ulendo wa kwaya yathu ku Trinidad ndi Tobago

Tinanyamuka ku London tilipo asanu ndi anayi, titaitanidwa ndi mpingo wa kwawo kwa mayi wina wa ku Trinidad amene timapemphera nawo. Ine ndinkaganiza kuti poti mbendera ndi imodzi, zilumba ziwirizi n'zofanana. Ayi ndithu.

Trinidad ndiye chilumba chachikulu, cha masikweya kilomita pafupifupi 4,800, pomwe Tobago ndi 300 okha. Kuchokera ku Trinidad kukafika ku Venezuela ndi makilomita 11 basi, ndipo kalekale chilumbachi chinali mbali ya mtunda wa South America. Pansi pake pali mafuta ndi gasi, ndipo chuma cha dziko lonse chimadalira zimenezi. Ku La Brea anatitengera pa nyanja ya phula. Tinavula nsapato, n'kumaponda phula lofunda lomwe linkatitimira pang'onopang'ono ngati dothi la m'dambo, fungo lake lili guu m'mphuno.

Chimene chinandidabwitsa kwambiri ndi anthu. Ukapolo utatha, Angelezi anayamba kubweretsa antchito ochokera ku India mu 1845 kuti azidula nzimbe, mpaka mu 1917. Zidzukulu zawo lero n'zochuluka pafupifupi ngati za Aafirika. Ku Chaguanas tinaona makachisi a Ahindu pafupi ndi mizikiti ndi matchalitchi, ndipo m'mawa tinkadya doubles: timikate tiwiri tokazinga, nchana pakati, tsabola wake woti misozi mbwee.

Tsiku lachisanu tinakwera sitima ya pamadzi ku Port of Spain, likulu la dzikoli, kupita ku Tobago. Maola pafupifupi atatu nyanja ili yolusa, ndipo azimayi awiri a sopulano anafika ku Scarborough, tauni yaikulu ya ku Tobago, ali ofooka.

Tobago ndi kwina. Kuli phee, mapiri obiriwira, asodzi ndi mabwato awo, ndipo anthu ambiri ndi a mtundu wa Aafirika. Pa Fort King George mizinga ikadaloza kunyanja, umboni wa mmene Adatchi, Afalansa ndi Angelezi ankalandirana chilumbachi mpaka chinakhazikika m'manja mwa Britain mu 1814. Trinidad iye anali wa Spain kufikira 1797. Awiriwa anawaphatikiza mu 1889, malonda a shuga atagwa ku Tobago, ndipo ufulu anaulandirira limodzi pa 31 Ogasiti 1962.

Agogo amene anatiphikira nkhanu anandidzudzula mwachikondi nditawatchula kuti a ku Trinidad. Anati iwo ndi a ku Tobago, ndipo chilumba chawo chili ndi nyumba yakeyake ya malamulo kuyambira 1980. Ndinapepesa, ndipo mawu awowo sananditulukebe mumtima.

Tisanabwerere tinayenda m'nkhalango ya Main Ridge, yomwe inatetezedwa ndi lamulo mu 1776 pofuna kusunga mvula ya minda. Mitengo yake ikadali chiimire, ndipo kwaya yonse tinaimba nyimbo imodzi pansi pake.