Lachitatu: Mamita 18 a Patebulo Lopakira

Ndalowa pageti pa fakitale yathu 6 koloko isanakwane, anzathu a shifiti ya usiku asanaweruke. Ndimakonda kufika nthawi imeneyi chifukwa ndi pamene munthu umaona ntchito mmene ilili, asanasese, asanabise kalikonse. Lero ndinapeza mabotolo a sopo atadzadzana pa lamba mpaka ena atagwera pansi, ndipo makina odzazira anali atangoti zii, nyale yake yofiira ikuphethira. Kapitawo wa usiku anangondilozera ndi chala n'kunena kuti, “Bwana, makina anu aja ayambanso.”

Sabata yatha kumsonkhano akuluakulu anagwirizana kuti vuto la mzere wachiwiri wodzazira ndi kupakira sopo ndi makina odzazirawo, akuti akalamba, tigule atsopano othamanga. Ine ndinapempha kuti andipatse masiku atatu ndisanasayine pepala lililonse. Lero linali tsiku lachiwiri.

Ndili ndi mlendo miyezi itatu ino, mtsikana wa chaka chachitatu ku yunivesite amene akuphunzira industrial engineering, ntchito yanga yomweyi yokonza kayendedwe ka ntchito kuti nthawi, mphamvu ndi katundu zisamatayike, ndipo wabwera kudzaona ntchito ndi maso. Anafika ndi laputopu yake, atakonzeka kutsegula matebulo a manambala. Ndinamuuza kuti aisiye mu ofesi, atenge pepala, pensulo ndi wotchi yoyezera nthawi basi. Kenako ndinajambula bwalo ndi choko pansi, pafupi ndi mapeto a lamba, n'kumuuza kuti aime momwemo mpaka 9 koloko.

“Ndizichita chiyani, bwana?”

“Uzingoyang'ana. Ukaona chinthu chikubwerezabwereza, ulembe.”

Nzeru ya bwalo la chokoyi si yanga. Ndi ya Taiichi Ohno wa ku Toyota, amene ankaimika mainjiniya achinyamata pamalo amodzi kwa maola ambiri kufikira ataona zimene ena onse amangodutsa osaziona. Mphindi 20 zoyambirira munthu umaona ngati zonse zili bwino, aliyense ali kalikiliki. Ikakwana ola m'pamene maso amayamba kutseguka. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa ntchito yathuyi mwambi umenewu ndi woona kwambiri kuposa buku lililonse limene ndinawerenga kusukulu.

Cha m'ma 8 anandikodola. Anati makina odzazira sakuima okha, akuimitsidwa. Mabotolo akadzadzana pa lamba mpaka kufika pa kachipangizo kounikira kamene kali pakati, makina amazima kuti mabotolo asasweke. Ndipo amadzadzana nthawi iliyonse imene mayi a patebulo lopakira achokapo kukatenga makatoni. Mtima wanga unasangalala kwambiri, pakuti dzulo ndinali nditaziona zimenezi koma ndinkafuna kuti azitulukire yekha.

Tinakhala pansi n'kuwerengera limodzi. Makina odzazira amatha kudzaza mabotolo 60 pa mphindi, koma mzere wonse ukutulutsa 48. Katoni imodzi imalowa mabotolo 12, ndiye kuti makatoni anayi pa mphindi. Mayiwa amanyamula makatoni khumi osapinda ulendo umodzi, kutanthauza kuti mphindi ziwiri ndi theka zilizonse ayenera kunyamuka. Shelefu ya makatoni ili pa mtunda wa mamita 9, kupita ndi kubwerera ndi mamita 18. Pa maola 7 ogwira ntchito amayenda maulendo 168. Mtsikana uja atachulukitsa anakhala chete kaye, kenako anati, “Makilomita atatu.” Eya, makilomita atatu tsiku lililonse, theka lake atanyamula katundu, pa simenti, atavala nsapato zolemera zachitetezo. Ulendo uliwonse umatenga masekondi 20, ndipo tikaphatikiza ndi mphindi 56 pa shifiti zimene tebulo limakhala lopanda munthu. Tikanagula makina atsopano othamanga, akanangofulumira kudzaza lamba n'kumaima pafupipafupi kuposa akalewa.

Koma chimene chatsala m'mutu mwanga usiku uno si manambalawa ayi. Ndi nkhope ya mayi aja pamene anaona wotchi m'manja mwa mtsikanayo. Agwira ntchito pa tebulo limenelo zaka 14. Manja awo amapinda katoni osayang'ana, chala chachikulu chimakankha pangodya, katoni n'kuima, mabotolo anayi anayi n'kulowa katatu, tepi n'kudutsa. Ataona kuti tikuwayeza anayamba kuthamanga, thukuta kamukamu, mpaka katoni ina inang'ambika. Ndinapita pafupi n'kuwapatsa moni.

“Mayi, musadzipanikize. Gwirani monga mwa masiku onse.”

Anapukuta manja pa epuloni n'kundiyang'ana m'maso. “Bwana, mundiuze zoona. Mukuyeza kuti muone wochedwa ndani, muchotse anthu?”

Funso limeneli ndalimva kambirimbiri ndipo sindilipeputsa, chifukwa mantha ake ali ndi maziko. Ntchito yathuyi inayamba ndi wotchi yomweyi. Frederick Winslow Taylor, amene ambiri amamutenga ngati kholo la ntchitoyi, ankayeza anthu onyamula zitsulo ndi okumba ndi fosholo ku America, n'kumawaikira mlingo wa zimene ayenera kukwanitsa pa tsiku. Mu 1911 anthu oumba zitsulo pa fakitale ya zida ya boma ku Watertown, m'dera la Massachusetts, ananyanyala ntchito chifukwa munthu anaimirira kumbuyo kwa mnzawo ndi wotchi. Nkhani inakula mpaka nyumba ya malamulo ya dzikolo inaitana Taylor kuti akayankhe mafunso. Choncho mayi akamaopa wotchi, akuopa chinthu chimene chinapwetekapo anthu, ndipo chimapwetekabe pamene chili m'manja mwa munthu wongofuna kufinya anzake.

Ndinawaonetsa pepala lathu. Ndinawauza kuti sitikuyeza manja awo, tikuyeza mtunda wa pakati pa tebulo ndi shelefu. Kenako ndinawafunsa chifukwa chake shelefuyo ili kutali chotero. Anaseka pang'ono. Akuti kale inali pambali pawo penipeni, koma zaka zitatu zapitazo paipi ya pamwamba inkadontha n'kunyowetsa makatoni, ndiye anaisunthira kukhoma. Paipi anaikonza mwezi womwewo. Shelefu inatsala komweko.

“Bwanji simunanene, mayi?”

“Palibe amene anandifunsapo.”

Mawu amenewa andipweteka. Ndadutsa pa tebulo limenelo mwina kokwana chikwi, ndipo sindinaimepo kufunsa.

Pa nthawi yopuma masana mtsikana uja anandifunsa funso limene ndikudziwa kuti lakhala likumuvuta. Anati anzake amene akuphunzira za makina amadziwa kuti adzapanga makina, a zomangamanga adzaloza mlatho n'kunena kuti ndinamanga ndine. Nanga iye adzaloza chiyani? Makolo ake akamufunsa kuti kodi digiri yakeyo ndi ya ntchito yanji, iye amasowa choyankha.

Ndinamuuza kuti ndi zoona, ntchito yathu ikagwiridwa bwino sioneka. Chimene timasiya ndi mzere umene kulibenso, msana umene sukupwetekanso, lole imene yanyamuka pa nthawi yake. Ndinamufotokozera za Frank Gilbreth, amene anayamba ngati womanga nyumba. Ankaona omanga akuwerama kutola njerwa iliyonse pansi, ndipo anakonza nsanja yokwera ndi kutsika kuti njerwa ndi matope zizikhala pafupi ndi manja. Mayendedwe a thupi poika njerwa imodzi anatsika kuchoka pa 18 kufika pafupifupi 5. Mkazi wake, Lillian Gilbreth, anali katswiri wa maganizo a anthu, ndipo ndi iye amene analimbikira kuti kutopa kwa wantchito kuziwerengedwa ngati chinthu chofunika, osati liwiro lokha. Mwamuna wake atamwalira mu 1924 anapitiriza ntchitoyi kwa zaka zambiri, mpaka kukonza makhitchini oti anthu olumala azigwiramo ntchito mosavuta. Ine ndikafunsidwa kuti ndimatsata ndani, ndimatchula Lillian.

Za njira zimene angatsate, ndinayamba ndi yanga. Nditamaliza sukulu ndinalowa mu dipatimenti yoona za ubwino wa katundu, kuyeza mabotolo, kulemba zolakwika, kufufuza gwero lake. Kumeneko n'kumene munthu umaphunzira kuti chinthu chilichonse chimasinthasintha, ndipo ntchito ndi kusiyanitsa kusintha kwa masiku onse ndi chizindikiro cha vuto lenileni, zimene W. Edwards Deming, katswiri wa ku America woona za ubwino wa katundu, anaphunzitsa mainjiniya a ku Japan kuyambira mu 1950. Ena amakhazikika komweko, amatenga masatifiketi a Six Sigma, njira yochepetsera zolakwika pa katundu imene inayambira ku kampani ya Motorola m'zaka za m'ma 1980, ndipo amakwera mpaka kuyang'anira mafakitale angapo. Ine ndinasamukira ku nyumba yosungiramo katundu zaka zinayi. Kumeneko mutu umagwira ntchito usana ndi usiku: katundu wochuluka ndi ndalama zogona pa shelefu, katundu wochepa ndi kasitomala wobwerera chimanjamanja, ndipo iwe uli pakati. Uyenera kudziwa chimene chiyenera kukhala pafupi ndi chitseko, malole angati, adzere njira iti, uitanitse liti. Anthu ambiri a digiri yathu amathera m'gawo limeneli la kayendetsedwe ka katundu, ndipo ena amafika patali. Tim Cook anamaliza industrial engineering ku Auburn University mu 1982, anagwira ntchito ku IBM zaka 12, analowa ku Apple mu 1998 kukakonza kagulidwe ndi kasungidwe ka katundu, ndipo mu 2011 anakhala mkulu wa kampani yonse.

Koma pamene maso ake anawala ndi pamene ndinatchula zipatala. Sankadziwa kuti injiniya angagwire ntchito kumeneko. Ndinatenga pepala lomwe lija n'kumukumbutsa lamulo la John Little la mu 1961, limene anaphunzira kale m'kalasi: chiwerengero cha anthu amene ali m'kati chimafanana ndi amene akufika pa ola kuchulukitsa ndi nthawi imene aliyense amakhalamo. Ngati odwala 30 akufika pa ola ndipo aliyense amatha maola awiri kuchokera polembetsa mpaka potenga mankhwala, ndiye kuti nthawi iliyonse m'nyumbamo muli anthu 60. Oyang'anira akaona khamulo amaganiza zomanga chipinda chodikirira chachikulu. Injiniya amatsata wodwala mmodzi ndi pepala, n'kupeza kuti pa maola awiriwo, nthawi yochepa ndi imene ali pamaso pa dokotala, yotsalayo akudikira fayilo, akudikira zotsatira za magazi, akubwerera pa windo limene anadutsapo kale. Ukachepetsa nthawiyo kufika ola limodzi, anthu amatsala 30, popanda kuika njerwa ngakhale imodzi, popanda kuuza namwino kuti azithamanga. Shelefu ya mayi aja imapezeka m'chipatala, pabwalo la ndege, mu banki, padoko. Imangosintha maonekedwe.

Zina ndinangozitchula mwachidule chifukwa belu linali pafupi. Amene amakonda masamu ndi kompyuta amalowa m'ntchito zoyerekezera fakitale yonse pa kompyuta isanamangidwe, kapena zokonza ndandanda ya ndege ndi madalaivala, pogwiritsa ntchito njira za masamu zimene George Dantzig anatulukira mu 1947. Ena amaona za chitetezo ndi kakhalidwe ka thupi pa ntchito, kutalika kwa tebulo, kulemera kwa chonyamula, phokoso. Ena amakhala alangizi oyendayenda m'makampani. Ndinamuchenjeza kuti asathamangire ulangizi asanakhale pansi pa fakitale kapena m'nyumba ya katundu zaka zingapo, chifukwa antchito amazindikira msanga munthu amene sanagwirepo sipanala, ndipo amangomuvomera ndi mutu n'kupitiriza zakale iye akachoka.

Ndinamuuzanso chovuta chake, kuti asadzati sindinanene. Injiniya wa mtundu wathu nthawi zambiri alibe makina ake, alibe anthu ake. Makina ndi a makaniko, anthu ndi a kapitawo, ndalama ndi za akauntanti. Chilichonse chimene ukufuna kusintha uyenera kupempha, kufotokoza, kubwereranso mawa. Ndipo tsiku lina manambala ako adzagwiritsidwa ntchito pa chinthu chimene sunafune. Zinandichitikirapo pa kampani ina kumene ndinagwirako kale: tinachepetsa nthawi yosinthira makina, ndipo patapita miyezi iwiri anthu atatu anauzidwa kuti ntchito yatha. Kuyambira pamenepo ndisanayambe kuyeza ndimafunsa akuluakulu kuti nthawi imene tipulumutseyo ipita kuti, ndipo ndimafuna yankho lolembedwa.

Ndi zimene ndachita madzulo ano. Ndinalowa kwa manijala ndi pepala la mtsikana uja, lolembedwa ndi pensulo, manambala ena ofufutafufuta. Analiwerenga kawiri. Anafunsa kuti kusuntha shelefu kufuna chiyani, ndinati anthu awiri, mabawuti anayi ndi theka la ola. Ndinapempha kuti nkhani ya makina atsopano iyambe yaima mwezi umodzi, komanso kuti alembe kuti palibe amene achotsedwe pa mzere wachiwiri chifukwa cha kusinthaku. Anavomera zonse ziwiri, ngakhale chachiwiricho anachedwa nacho pang'ono.

Ndisanaweruke ndinabwerera kwa mayi aja kukawafunsa mbali imene akufuna shelefuyo ikhale. Ine ndimaganiza kumanja. Iwo anati kumanzere, chifukwa dzanja lamanja limakhala ndi tepi, ndipo ikhale yofika m'chiuno, osati m'mawondo ngati kale. Anatenga choko m'manja mwa mtsikana uja n'kujambula okha pansi pamene miyendo ya shelefu iyenera kuponda. Makaniko abwera 5:30 mawa, shifiti isanasinthe, ndipo mtsikanayo wapempha kuti aimenso m'bwalo lake mpaka 9 koloko aone ngati nyale yofiira ija iyakenso.