Loweruka ku Seven Falls

Tinadzuka kusanache, ine ndi alamu anga. Sabata yatha kunagwa mvula masiku awiri kuno ku Tucson, ku Arizona m'dziko la America, ndipo pamwamba pa Mount Lemmon panayera mbuu ndi chipale chofewa. Dzulo alamu anandiuza kuti, "Ngati mukufuna kuona madzi ku mathithi a Seven Falls, nthawi yake ndi ino ya Malichi. Mukazengereza mpaka Juni mukapeza miyala yokhayokha."

Galimoto tinaisiya pa Sabino Canyon, m'munsi mwa mapiri a Santa Catalina, n'kulowera njira ya ku Bear Canyon. Kupita ndi kubwerera ndi makilomita pafupifupi 13. Aliyense anabereka malita atatu a madzi, nthochi ndi mtedza wokazinga.

Chigawo choyamba n'chouma gwaa. Miyala, fumbi, ndi mitengo ya saguaro itaima ngati anthu okweza manja m'mwamba, thupi lonse minga. Mtengowu umamera mwachilengedwe m'chipululu cha Sonoran chokha, ndipo umatha zaka 50 kapena kuposerapo usanatulutse nthambi yoyamba. Ndinaima pansi pa wina wa nthambi zisanu n'kuganiza kuti ameneyu anamera agogo anga asanabadwe. Koma chimene chinandigwira mtima ndi mtengo wina wotchedwa ocotillo. Mwezi watha ndinkauona ngati mtolo wa ndodo zouma zoti n'kusonkhera moto. Lero ndodo iliyonse yavala timasamba tobiriwira, kunsonga kuli maluwa ofiira psuu. Kamvula ka masiku awiri kaja!

Madzi tinayamba kuwamva tisanawaone. Titalowa m'chigwa, khwawa lija limene alamu amati nthawi zambiri limakhala mchenga, lero linali mtsinje weniweni. Njira imauwoloka kasanu n'kawiri. Koyamba ndi kachiwiri ndinalumpha pamiyala bwinobwino. Kachitatu phazi linaterereka, ndinalowa mpaka m'mawondo. Kuzizira kwake! Ndi madzi osungunuka kuchokera pamwamba pa phiri, ndipo Mount Lemmon ndi wamtali pafupifupi mamita 2,800, kutsala pang'ono kufika pa Sapitwa wathu wa ku Mulanje. Kuyambira pamenepo ndinangoyenda m'madzimo nsapato zili kuphazi.

Tikupuma pansi pa mtengo wina m'mbali mwa mtsinje, alamu anayang'ana kumwamba kaye asanakhale. Ndinawafunsa chifukwa chake, popeza kunalibe ndi kamtambo komwe. "Alamu, kuno mvula ikhoza kugwa kuphiri uko inu muli padzuwa, madzi n'kukupezani pomwe mwakhalapo." Anandikumbutsa za mu Julaye 1981, pamene madzi osefukira anapha anthu 8 ku Tanque Verde Falls, kufupi konkuno. Mapiri ano ndi a matanthwe, dothi n'lochepa, choncho madzi salowa pansi, amangotsetserekera m'makwawa onse nthawi imodzi. Miyezi yoopsa kwambiri ndi Julaye mpaka Seputembala, nyengo ya mvula yamabingu.

Kenako njira inakwera mokhotakhota pakhoma la chigwa, dzuwa litayamba kuswa mtengo. Titakhota komaliza, mathithi aja anaonekera tsidya lina. Madzi akutsika pathanthwe, kugwera m'dziwe, kusefukira, kugweranso m'dziwe lina, mpaka pansi, ndipo m'mbali monse saguaro ali ndandanda. Ndinasowa chonena.

Ine ndinakulira kufupi ndi Likhubula. Ku Dziwe la Nkhalamba tinkapita tsiku lililonse limene tafuna, ngakhale mu Okutobala, ndipo sindikumbuka kuti ndinafunsapo munthu ngati madzi alipo. Kuno mvula ya chaka chonse ndi mamilimita 300 kapena kucheperapo. Anthu amene tinakumana nawo pobwerera, funso lawo linali limodzi: kodi madzi akuyenda? Tikati inde, nkhope zawo zinkawala ngati tawauza kuti mlendo amene akhala akumudikira wafika. Mayi wina wachikulire, ndodo ziwiri m'manja, anati wabwerapo katatu n'kupeza pouma.

Tinakhala pathanthwe la dziwe la m'munsi ola lathunthu, mapazi ali m'madzi mpaka kuchita dzanzi. Mtedza tinamaliza pomwepo. Pobwerera kunatentha, ndipo botolo langa lomaliza linatha tikuona denga la galimoto.

Panopa nsapato zikuuma pakhonde, miyendo ikuphwanya. Ndawapempha alamu kuti kumapeto kwa Meyi tidzapitenso m'mamawa, ndikaone thanthwe lomwelo madzi atachoka.