Mizu itatu yatsala

M'mawa uno ndazula orchid yanga, chomera chamaluwa chija, mumphika, ndipo mtima wandiwawa. Mizu yambiri yawola. Ukaitsina ikungotuluka madzi, n'kutsala kaulusi kokha pakati. Ndinaibzala m'dothi lakuda la kudimba, n'kumathirira tsiku lililonse poopa dzuwa la Okutobala la kuno ku Lusaka. Osadziwa kuti ndikuimiza. Orchid ya mtundu uwu, Phalaenopsis, kwawo ku Asia imamera pamitengo, mizu ili pamphepo. Si ngati chikanda chathu chomera pansi m'madambo.

Mizu yowola yonse ndadula ndi sizasi yotsuka bwino, yatsala itatu yolimba. Ndaiika mumphika wapulasitiki woonekera mkati, woboola pansi, m'makungwa a paini osakaniza ndi timakala. Azakhali a ku Chilenje andiuza kuti ndiziyang'ana mizu, osati kalendala. Ikatuwa ngati siliva ndithirire mpaka madzi atuluke pansi, ikakhala yobiriwira ndiileke, ndipo madzi asagone pakati pa masamba. Madzi athu a borehole ali ndi laimu wambiri, choncho mvula ikangoyamba ndiziithirira amvula.

Panopa ili pawindo la kummawa. Ndikulakalaka nditaona kansonga kobiriwira ka muzu watsopano.