Sikani ya PSMA: si paliponse powala pamene pali khansa

Mutu womwe wandigwira mtima m'maphunziro anga masiku ano ndi wa kufufuza khansa ya prostate (kachiwalo ka abambo kokhala pansi pa chikhodzodzo) pobaya wodwala mankhwala otulutsa radiation pang'ono, kenako makina a PET n'kuona kumene mankhwalawo akaunjikana.

Maselo ambiri a khansa imeneyi amakhala ndi puloteni yotchedwa PSMA (prostate-specific membrane antigen) yochuluka kwambiri kunja kwawo. Akatswiri anapanga kamankhwala komwe kamakakamira pa puloteniyi, n'kukalumikiza ndi gallium-68 kapena fluorine-18. Zinthu ziwirizi zikamasweka zimatulutsa kanthu kakang'ono kwambiri kotchedwa positron, ndipo positron ikagundana ndi electron pamatuluka kuwala kuwiri kolowera mbali zosiyana. Makina amagwira kuwala konseko nthawi imodzi n'kudziwa pomwe kwachokera. Bambo akabayidwa mu mtsempha wa pamkono amadikira pafupifupi ola limodzi, kenako amagona chagada pakabedi kolowa m'makina. CT, sikani yogwiritsa ntchito X-ray, imajambulanso pomwepo, kuti dokotala adziwe ngati kadontho kowalako kali pa fupa, pa mwanabele kapena m'matumbo.

Mankhwalawa sachedwa kutha mphamvu. Ya gallium-68 imatsika ndi theka pa mphindi 68 zilizonse, ya fluorine-18 pa mphindi pafupifupi 110. Choncho sasungika. Amakonzedwa tsiku lomwelo, ndipo wodwala akachedwa kufika, mankhwala ake amakhala akutha ali m'botolo.

Kale madokotala ankadalira CT ndi sikani ya mafupa ya technetium-99m. Sikani ya mafupayo siona khansa yeniyeniyo, imaona fupa likudzikonza pamene lavulala, ndiye nyamakazi kapena fupa lomwe linathyokapo kale zimawalanso. PET ya FDG, yomwe imatsata shuga ndipo imathandiza pa khansa zina zambiri, nayo imaphonya kawirikawiri chifukwa khansa ya prostate nthawi zambiri sidya shuga mwadyera. Kafukufuku wa proPSMA wa ku Australia, yemwe anatuluka m'magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2020, anayerekeza PSMA PET ndi njira yakale ya CT ndi sikani ya mafupa pa abambo pafupifupi 300 omwe khansa yawo inali ndi chiopsezo chachikulu chofalikira. PSMA PET inalondola pa 92 peresenti, pamene CT ndi sikani ya mafupa zinalondola pa 65 peresenti, komanso radiation yomwe wodwala analandira inali yocheperapo. Ku America, bungwe loona za mankhwala la FDA linavomereza gallium-68 PSMA-11 mu December 2020.

Koma pomwe ndikutaya nthawi yambiri ndi pa kuwerenga chithunzicho. Munthu wosazolowera akaona sikani ya PSMA atha kuchita mantha, chifukwa thupi limaoneka ngati ladzaza matenda. Timadontho tiwiri pafupi ndi maso, zigamba zowala kwambiri m'masaya ndi pansi pa chibwano, impso zonse ziwiri, chiwindi, matumbo aang'ono, chikhodzodzo. Zonsezi n'zabwinobwino: tiziwalo topanga misozi ndi malovu timatenga mankhwalawa mwachibadwa, ndipo mankhwalawa amatulukanso m'thupi kudzera mumkodzo. Dzina lakuti PSMA limanena ngati puloteniyi ndi ya prostate yokha, koma si choncho. Timfundo ta minyewa tapafupi ndi msana timatha kuwala n'kuoneka ngati mwanabele wogwidwa khansa. Mkodzo woima m'kanjira kochokera ku impso umanamizanso. Kadontho kamodzi pa nthiti, makamaka ndi mtundu wina wa mankhwalawa wotchedwa PSMA-1007, nthawi zambiri sikakhala khansa.

Izi si nkhani yongokhozera mayeso. Dokotala akalemba kuti khansa yafika pa fupa pamene sinafike, bambo amene akanachira ndi opaleshoni kapena radiotherapy atha kuuzidwa kuti matenda ake ndi ongochepetsa basi. Mbali ina nayo ilipo: khansa zina za prostate sizikhala ndi PSMA yokwanira, ndipo timbewu ta khansa tating'ono kwambiri ta m'mwanabele sitioneka. Sikani yoyera si chitsimikizo chakuti mulibe kanthu. N'chifukwa chake ndimagwirizana ndi aphunzitsi amene amaumirira kuti chithunzi chiziwerengedwa limodzi ndi PSA ya m'magazi (puloteni ina yopangidwa ndi maselo a prostate), sikani ya MRI ndi zotsatira za biopsy (kuyeza kamnofu kotengedwa pa chotupa), osati pachokha.

Pomwe ndikuona phindu lake lalikulu ndi kwa bambo amene anachotsedwa prostate, kenako PSA n'kuyambanso kukwera. Magazi amanena kuti khansa yabwerera koma sanena kuti ili kuti, ndipo pa mlingo wotsika chonchi CT kawirikawiri sionetsa kanthu. PSMA PET imatha kuloza mwanabele mmodzi m'chiuno, madokotala n'kudziwa polunjikitsa radiotherapy. Mwayi woona chinachake umakula PSA ikamakwera.

Chinanso chomwe ndayamba kuwerenga n'chakuti kamankhwala kokakamira pa PSMA kakalumikizidwa ndi lutetium-177, sikangoonetsa maselo a khansa koma kamawawononga. FDA inavomereza chithandizochi mu 2022 kwa abambo omwe khansa yawo yafalikira ndipo sikumvanso mankhwala a mahomoni. Asanapatsidwe, amayamba ajambulidwa kuti zioneke ngati zotupa zawo zikutengadi PSMA. Ndipo popeza tiziwalo ta malovu nato timakoka mankhwalawa, ambiri mwa odwalawa amadandaula za kuuma m'kamwa, chinthu chomwe ayenera kuuzidwa asanayambe chithandizo.