Jenereta ya 2000 ndi Apongozi a ku Linthipe

Pa katoni ya jenereta panalembedwa 2000, manambala akuluakulu ofiira oti munthu akhoza kuwawerenga ali tsidya lina la msewu. Ndayamba ndi mfundo imeneyi chifukwa pabanja pathu pali anthu amene akufalitsa zoti ine sindidziwa masamu. Masamu anga anali bwinobwino. Eyakoni ya padenga la kalavani yathu (kanyumba kokoka ndi galimoto), ija ya mphamvu yoziziritsa ya 13,500 BTU, imadya ma watts pafupifupi 1,500 ikamayenda. Jenereta ikuti ili ndi 2,000. Chotserani nokha, otsala ndi 500, okwanira kutchajira mafoni a banja lonse n'kuyatsanso mababu. Mwana wa Sitandade 4 angakuuzeni zomwezo.

Timakhala ku South Bend, m'chigawo cha Indiana, kumene Amalawi tachuluka moti ukamanena munthu m'sitolo uyenera kuyamba wacheuka. Chapafupi pomwepo pali Elkhart, tauni imene imapanga makalavani ambiri a muno mu America, ndipo alamu anga, achimwene awo a mayi a Chisomo, amalumikiza nthambo za magetsi mufakitale ina kumeneko. Ndi iwo amene anatipezera kalavani yakale yotsika mtengo, atamva kuti amayi awo akubwera kuchokera ku Linthipe kudzaona adzukulu. Mayi a Chisomo anali atalamula kale kuti apongoziwo asabwerere ku Dedza asanaone Mount Rushmore, phiri lija anasemapo nkhope za apulezidenti anayi. Ine ndinangowonjezera nzeru imodzi, yoti tisamalipire malo ogona okhala ndi magetsi pamene boma la America lili ndi tchire laulere.

Tsiku logula jenereta alamu analipo.

"Alamu, tengani ya 3,000 kapena kuposera pamenepo."

"Mtengo wake mwauona? Nanga kulemerako, azinyamula ndani? Iyi ndikunyamula ndi dzanja limodzi."

"Vuto ndi lakuti chitsulo chikamadzuka..."

Foni yawo inalira pomwepo, anali abwana awo. Mawuwo sanawamalize. Ndikufuna zimenezi zidziwike: munthu amene amadziwa chilichonse anasiya chiganizo panjira, ine n'kupita kukalipira.

Ndinayesanso, musaganize kuti sindinayese. Madzulo ena a mu Epulo ndinaliza jenereta pakhomo, n'kulowa m'kalavani, n'kudina. Mphepo yozizira inatuluka. Ndinaitana mayi a Chisomo kuti adzagwire ndi dzanja lawo, n'kujambula vidiyo yotumizira alamu. Zoti tsiku limenelo kompresa, chitsulo cha mu eyakoni chimene chimaziziritsa mpweya, sinadzuke n'komwe, kuti chimazungulira chinali chifani chokha chikundiuzira mphepo ya Epulo yomwe inali yozizira kale, palibe anandiuza.

Tinanyamuka mu Julaye, kutsata msewu wa I-90 kudutsa Wisconsin ndi Minnesota, n'kuwoloka mtsinje wa Missouri pa Chamberlain. Malo amene ndinasankha ali kummwera kwa katauni ka Wall, ku South Dakota, m'dambo la boma lotchedwa Buffalo Gap National Grassland. Umaimika kalavani m'mphepete mwa phompho, pansipo zigwembe za Badlands zili mbuu mpaka kumene maso alekezera. Kulibe mpopi, kulibe chimbudzi, kulibe mzati wa magetsi, ndipo sulipira ngakhale senti. Tinafika dzuwa likuswa mtengo, kungoti mtengo woti liswe kunalibe. Galimoto imasonyeza madigiri 100, kuwerengera kwa kuno, amene kwathu ndi pafupifupi 38. Apongozi, munthu wobadwira kozizira, anatsika thukuta lili kamukamu, n'kuyang'ana uku ndi uku.

"Uwafunse bambo a Chisomo ngati tafika kapena galimoto yawonongeka."

Ndi mmene timayankhulirana. Ine ndikhoza kuima pafupi nawo, koma mawu amadzera mwa mwana wawo.

Ndinatsitsa jenereta mwaulemu wake wonse. Kukoka chingwe kamodzi, yalira, kamawu kake kosalala. Ndinalowetsa anthu onse m'kalavani, kutseka mawindo, n'kudina. Chifani chinayamba kuzungulira. Apongozi anamasula mpango pang'ono. Kenaka padenga panamveka kuti "hmmm", panja jenereta inabuula, inatsokomola, kagetsi kofiira n'kuyaka, m'kalavani monse zii. Injini ikulirabe bwinobwino, koma magetsi yakaniza.

Ndinathimitsa, kuliza, kudina. Zomwezo. Ndinabwerezanso mwachangu poganiza kuti mwina ndiyenera kuidzidzimutsa isanaganize. Zomwezo, koma mofulumirirapo. Chisomo, amene sanathe n'komwe zaka zisanu ndi zitatu, anafunsa ngati angaimbire amalume ake. Ndinamuuza kuti netiweki kulibe, ngakhale nsanja za mafoni zinali poteropo, tonse tikuziona.

Apa m'pamene panatulukira bambo wina wachikulire, mzungu wopuma pa ntchito, amene anaimika chikalavani chake chachikulu chapatali pang'ono. Anati wakhala akumvetsera ndipo mtima wamupwetekera jeneretayo. Choyamba anaikoka pamene ndinaiika, pansi penipeni pa windo kuopa akuba, n'kukaisiya mamita asanu ndi limodzi kutali, kotulukira utsi kutaloza kwina. Anati utsi wake uli ndi mpweya wosanunkha umene umapha anthu ali m'tulo. Kenaka anagwada n'kundiwonetsa kachikwangwani kakang'ono pambali pa jenereta, zilembo zofuna magalasi. Panalembedwa kuti 1,600.

"Iyi ndiye mphamvu imene imatha kupereka tsiku lonse. 2,000 ija ndi ya kamphindi chabe."

Ndinamuuza kuti ngakhale zili choncho, 1,600 ndi yoposa 1,500. Anagwedeza mutu n'kundifunsa ngati ndikudziwa kuti taima pamtunda wa mamita pafupifupi 900. Injini ya petulo imapuma mpweya, ndipo ukamakwera mpweya umapepuka, moti pa mamita 300 alionse mphamvu imatsika ndi maperesenti atatu ndi theka. Pamalo amenewo ndiye kuti gawo limodzi mwa magawo khumi linali litapita kale, tisanawerengere kutentha, kumene nako kumafooketsa injini kwinaku kukulemetsa kompresa. 1,600 yanga inali itasanduka 1,400 ndi kanthu, ine osachita chilichonse.

Sanalekere pomwepo. Analowa m'kalavani, kupereka moni kwa apongozi, amene anayankha ndi m'manja, n'kuyamba kutsegula timakabati timene sindimadziwa kuti timatseguka. Kunapezeka kuti ndimadyetsa alendo amene sindinawaitane. Pansi pa mpando panali kabokosi kotchaja batire ya kalavani, kamene kakangomva magetsi kamayamba kukoka ma watts mazana angapo. Firiji, imene panjira ponse imayendera gasi, itaona magetsi inasamukira yokha kumeneko, ma watts enanso pafupifupi 300. Ndipo swichi ya chotenthetsera madzi inali yoyatsa. Chimenecho chokha chimadya pafupifupi 1,400. Tinali kuwiritsa madzi osamba m'dziko limene munthu ukhoza kukazinga dzira pabonati. Woyatsa swichiyo sanapezeke mpaka lero, ngakhale ine ndili ndi maganizo anga.

Koma nkhani yaikulu, iye anati, ndi podzuka. Kompresa ikamayamba kuzungulira imakoka mphamvu kuwirikiza kawiri kapena katatu, mwinanso kuposa, kwa nthawi yosakwana sekondi imodzi. Jenereta ikalephera sekondi imeneyo, zoti ikanakwanitsa maola otsatirawo zilibe ntchito. Ndipo ukaithimitsa n'kuyatsanso pompopompo, mpweya wa m'mapaipi umakhala usanakhazikike, ndiye kompresa imadzuka movutikirapo. Umayenera kudikira mphindi zitatu kapena zisanu. Mayi a Chisomo amamasulira zonsezi m'Chichewa, ndipo ndinaona kuti mbali zina amazimasulira mokometsera kuposa mmene mzunguyo ananenera.

Apongozi anamvetsera mpaka kumapeto, n'kuseka pang'ono.

"Ndiye mzunguyu wayenda mtunda wonsewu kudzanena zimenezi? Uwauze bambo a Chisomo kuti n'chimodzimodzi chigayo changa. Mnyamata akamachidzutsa m'mawa, mababu a m'magolosale onse amaphethira. N'chifukwa chake sayamba wathira chimanga. Amachidzutsa chopanda kanthu, chikakhazikika ndiye n'kuthira. Iwowa athira matumba atatu chigayo chisanadzuke."

Mzungu atamasuliridwa anawagwira chanza apongozi. Ine amene ndinagula jenereta ndi ndalama zanga sanandigwire.

Tinathimitsa zonse. Firiji tinaibwezera ku gasi, chotchaja batire tinachidula, kaswichi kosungira petulo ka pa jenereta tinakatseka kuti injini ikhale ikuthamanga kale. Tinadikira dzuwa lipendeke. Ndinadina. "Hmmm" uja anabwera, jenereta inabuula mpaka ndinaigwirira mtima, kenaka inadzikoka n'kuima. Abale, mphepo yozizira inatsika kuchokera padenga! Ndinatuluka panja kukaima manja m'chiuno kuti anthu a makalavani ena andione.

Ndili chiimire choncho, apongozi anaona kuti kwazizira bwino, nthawi ya tiyi yakwana. Ketulo ya magetsi ya kuno imadya ma watts 1,500.

Usiku umenewo eyakoni sinadzukenso. Za kogona zinali zokonzedwa kale, chifukwa mkamwini sagona chipinda chimodzi ndi apongozi ake, ngakhale chipindacho chikhale cha matayala. Ndinali ndi katenti kanga panja. Koma amene anafikako ku South Dakota akudziwa mphepo ya kumeneko. Pakati pa usiku ndinatuluka kukataya madzi, pobwera ndinapeza tenti ikutsetsereka kuphompho, bulangete ndi nsapato imodzi zili momwemo. Ndinagona m'galimoto. M'mawa ndinadzutsidwa ndi ng'ombe, pakuti dambolo alimi amadyetseramo ziweto, ikunyambita galasi kwinaku ikundiyang'ana.

Ndinayendetsa mpaka ku Rapid City, ulendo wa pafupifupi ola limodzi, phazi limodzi lili mu silipasi ya mayi a Chisomo. Mnyamata wa m'sitolo anandiyalira njira zitatu. Kugula inzake ya jenereta yangayo n'kuzilumikiza ndi nthambo yapadera kuti zikokere limodzi. Kugula yaikulu ya mtundu wosasokosa, ya 3,000 kapena 3,500. Kapena kuika pa eyakoni kabokosi kotchedwa soft start, kamene kamadzutsa kompresa pang'onopang'ono, koma kameneko analibe. Ndikuyang'ana mitengo, ndinaona pakona chijenereta cha 4,000, cha mafelemu achitsulo, chotchipa kuposa zonsezo. Mnyamata uja anayamba kunena kuti zimenezo amagula ndi omanga nyumba, koma ine ndinali nditaphunzira kale kuti chofunika ndi nambala yaikulu.

Chinagwira ntchito, ndipo pamenepa ndikufuna ulemu wanga. Eyakoni inadzuka osabuula n'komwe. Firiji, ketulo, zonse. Kungoti phokoso lake linali loti polankhula umachita kukuwa m'khutu mwa mnzako, ndipo m'dambo lopanda mtengo phokoso limayenda mpaka kutopa lokha. Anthu amene anabwera kuchokera kutali kudzamvera bata anayamba kutuluka m'makalavani mmodzimmodzi. Banja lina linamanga katundu n'kusamukira kumapeto kwenikweni kwa phompho. Mzungu wathu uja anabwera dzuwa litalowa, chipewa chili m'manja, n'kupempha kuti pofika 10 koloko tikhale titathimitsa, chifukwa mkazi wake wayamba kulankhula zobwerera kwawo.

Ndinapita kukauza mayi a Chisomo. Anandiletsa pakhomo, chala chili pamlomo. Apongozi anali m'tulo tofa nato, tulo timene sanagonepo chifikireni ku America. M'mawa mwake ananena, kudzera mwa mwana wawo, kuti aka n'koyamba kumva ngati ali kwawo, ndipo bambo a Chisomo asavutike n'kuthimitsa. Ndiye ndinali pakati, uku apongozi akuti chilire, uku dambo lonse likuti chikhale chete. Ndinasankha apongozi, chifukwa azunguwo sindidzakumana nawonso pamaliro.

Mount Rushmore tinakaiona. Apongozi anati nkhopezo n'zosemedwa bwino koma anthuwo akuoneka okwiya.

Titabwerera ku South Bend, alamu anakwera padenga la kalavani ndi ka soft start kaja, kabokosi kokwana m'manja awiri, ndipo ola lisanathe anatsika. Analiza jenereta yaing'ono ija, kudula chotenthetsera madzi, kudina. Eyakoni inadzuka mwakachetechete. Anandichenjeza kuti kumapiri kapena kukatentha kwambiri idzakhalabe pampanipani, ndipo ketulo isayandikire. Kenaka anati, "Alamu, paja ndimati chitsulo chikamadzuka..." Ndinawauza kuti chiganizo chimenecho chachedwa ndi miyezi itatu.

Tsopano m'galaja muli majenereta awiri. Apongozi akulongedza katundu wobwerera anaiyang'anitsitsa yaing'onoyo, n'kunena kuti ikhoza kukwana m'chikwama, ikawathandize magetsi akathima ku Linthipe. Ndinafotokoza mwaulemu kuti sizingatheke. Chinthu chimene munalowapo petulo m'ndege sachilola, komanso ya kuno imatulutsa ma volts 120 pamene kwathu zipangizo zimafuna 230.

Anakhala chete pang'ono, n'kutembenukira kwa mwana wawo.

"Uwafunse bambo a Chisomo. Kuno yalephera, kwathu singagwire. Kodi anaigulira dziko liti?"