Ndapeza Muckraking m'sutikesi ya bambo

Lero m'mawa ndikusesa kuchipinda kwa malemu bambo, ndapeza masamba a Sunday Times m'sutikesi yawo yakale, atawapinda bwinobwino. Onsewo ndi a Muckraking, danga la malemu Raphael Tenthani. Tsache ndaliponya apo, n'kukhala pamkeka kuwerenga mpaka dzuwa paliwombo.

Abale, mkulu uja ankalemba mopanda mantha. Pulezidenti akalakwitsa ankamuuza poyera, osapsatira, Lamulungu lililonse, kwinaku akutumizanso nkhani ku BBC. Bambo, amene sukulu analekezera Sitandade 8, ankachita kundiitana kuti ndiwamasulire mawu ovuta, kenaka nkhaniyo n'kukaikamba pabawo sabata yonse.

Chimwalirireni a Tenthani pa ngozi ya galimoto mu Meyi 2015, sindinapezebe mlembi wondidzutsa Lamulungu m'mamawa kukagula nyuzipepala. Lero ndawasowa onse awiri.