Lipoti la ulendo wathu wa ku munda wa banja la Freeman ku Nebraska

Pa gulu lathu la alimi ndi alangizi 12 amene tinapita ku America kukaphunzira za ulimi wa chimanga, ine ndi amene anzanga anandisankha kuti ndilembe za tsiku lomwe tinakacheza ku Beatrice, tauni ya m'chigawo cha Nebraska. Za mbewu ndi ulimi wamthirira alemba ena. Ine ndifotokoza za banja limodzi lokha, la Daniel Freeman ndi mkazi wake Agnes.

Tinanyamuka mumzinda wa Lincoln m'mamawa pa basi, kulowera kummwera, ulendo wa pafupifupi ola limodzi. Njira yonse kunali chimanga ndi soya mbali zonse, phiri osaliona ngakhale limodzi. Ine wobadwira ku Thyolo maso anachita kutopa ndi chigwa. Malo amene anali munda wa banja la Freeman lero akutchedwa Homestead National Historical Park, ndipo boma linayamba kuwasunga mu 1936.

Wotilandira anayambira pa lamulo. Pa 20 Meyi 1862 pulezidenti Abraham Lincoln anasaina Homestead Act, lamulo lopatsa munthu maekala 160, omwe ndi mahekitala pafupifupi 65. Ndalama zonse zolembetsera zinali madola 18. Chofunika chinali kumanga nyumba, kulima ndi kukhalapo zaka 5, kenako boma linkapereka chikalata cha umwini. Atatchula maekala 160, bambo wina wa ku Mulanje amene amalima ekala imodzi ndi theka anafunsa kawiri ngati wamva bwino.

Lamuloli linayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 1863. Amati Daniel, amene panthawiyo ankathandiza asilikali a kumpoto pa nkhondo yapachiweniweni, ananyengerera kalaliki wa ofesi ya malo ku Brownville kuti atsegule ofesi pakati pausiku chaka chitangolowa, poti iye anali paulendo m'mawa mwake. N'chifukwa chake amawerengedwa pakati pa anthu oyambirira kulembetsa. Anasankha malo a m'mbali mwa kamtsinje ka Cub Creek, pomwe pali madzi ndi mitengo. Mlimi aliyense pagulu lathu anavomereza kuti mkuluyu ankadziwa chimene akufuna, chifukwa m'dziko la udzu wokhawokha ngati limenelo, mtengo wa nkhuni ndi wa milimo ndi chuma.

Koma mtima wanga unatsalira pa Agnes Suiter. Mayiyu anali wa ku LeClaire m'chigawo cha Iowa, ndipo poyamba anali pa chitomero ndi James, m'bale wake wa Daniel, amene anamwalira pa nthawi ya nkhondo ija. Daniel, yemwe ukwati wake woyamba wa ana atatu unali utatha, anamufunsira kudzera m'makalata, ndipo anakwatirana mu 1865. Amayi a pagulu lathu anayang'anizana, wina n'kunong'ona kuti, "Abale, si chokolo chimenechi?" Sichinali chokolo kwenikweni poti ukwati ndi James unali usanachitike, komabe nkhaniyo inamveka ya kwathu ndithu.

Agnes anabereka ana 8 pamalo amenewa, ndipo 7 anakula. Daniel anali ndi zochita zambiri kunja kwa munda: anaphunzirako za udokotala, ndipo anagwirapo ntchito za boma la Gage County, kuphatikizapo ya mkulu wa apolisi. Ndiye ndinadzifunsa kuti pamene bamboyu anali m'maulendo, ankayang'anira ziweto, dimba ndi ana ndani? Dzombe limene linasakaza minda ya ku Nebraska mu 1874 linawapeza pomwepa. Daniel anamwalira mu 1908, Agnes anakhalabe ndi moyo mpaka 1931. Manda awo ali pamalo omwewo, poyang'ana udzu wautali umene anayamba kuubzalanso mu 1939 kuti anthu aone mmene dziko linalili khasu lisanalowemo. Pepala lolembetsera malo lili ndi dzina la Daniel yekha. Lamulo linkalola mbeta ndi akazi amasiye kulembetsa paokha, koma mkazi wapabanja nthawi zambiri ankangobisala m'dzina la mwamuna wake.

Nyumba yoyamba ya banjali kulibe. Imene anationetsa ndi ya banja lina, ya a Palmer, yomangidwa ndi mitengo mu 1867 n'kudzasamutsidwira kuno. Ndi kanyumba ka mafiti 14 mulifupi ndi 16 mulitali, ndipo munkagona makolo ndi ana 10. Tinalowamo anayi anayi. Mayi wina wa ku Dedza anagwira khoma n'kunena kuti, "Azungu nawonso anayambira pamenepa eti?" Tinaonanso mpanda wa mitengo yaminga ya Osage orange umene Daniel anabzala m'malire mwa munda, monga timachitira ndi khonje kapena nkhadze.

Pafupi pali sukulu ya njerwa ya chipinda chimodzi yomwe ana a m'deralo ankaphunzirako. Daniel anasumira akuluakulu a sukuluyi pa nkhani yowerenga Baibulo ndi kupemphera m'kalasi, ndipo mu 1902 khoti lalikulu la Nebraska linagamula momukomera. Nkhaniyi inabutsa mkangano m'basi, makamaka pakati pa akulu ampingo awiri amene tinali nawo.

Funso limene linandivuta ndinalifunsa titakhala pansi masana. Ndinati, "Malo amenewa asanaperekedwe, anali a yani?" Wotilandira sanazembe. Anati dera limeneli munkakhala eni dziko a mtundu wa Otoe ndi Missouria, amene mu 1854 anasiyitsidwa malo awo ambiri n'kupanikizidwa pa kadera ka m'mbali mwa mtsinje wa Big Blue, kummwera kwa Beatrice. Mu 1881 anawasamutsira kumene lero ndi ku Oklahoma. Tsono pamene ana a Agnes ankakula, eni dziko anali chapafupi pomwepo, akuyembekeza kuchotsedwanso. Lamulo la Homestead Act lija lonse linagawa maekala pafupifupi 270 miliyoni.

Apa m'pamene ndinakumbukira agogo anga. Iwo ankasimba za thangata, mmene ankagwirira ntchito pa esiteti kuti aloledwe kukhala pa nthaka imene makolo awo anaikidwapo, chifukwa m'zaka za m'ma 1890 boma la Harry Johnston linapatsa azungu zikalata za malo a kumapiri a Shire. Banja la Freeman ndinalimvera chisoni ndi ulemu, poti linavutikadi ndi chisanu, dzombe ndi maliro a mwana. Koma agogo anga, pa nkhani ngati imeneyi, ali mbali ya a Otoe, ndipo sindinathe kuiwala zimenezo ngakhale pamene tinkajambulitsa pa manda aja.

Pobwerera tinagwirizana kuti aliyense akafika kwawo akakhale pansi ndi akuluakulu a pamudzi, alembe mbiri ya munda wa banja lake: anauswa ndani, anapatsidwa ndi mfumu iti, ndipo ndi amayi ati amene anaulima. Ine ndayamba kale ndi azakhali anga a ku Bvumbwe, ndipo zolembazo tidzawerengerana pa msonkhano wathu wa mwezi wamawa.